Botolo la Vinyo wa ku France m'Dziko la Kalembo

Mwezi wa Okotobala, dzuwa likuswa mtengo ndipo milambe itayima yopanda tsamba, tinanyamuka pa Ulongwe kulinga kum'mawa, ku midzi ya Mfumu Kalembo yoyandikana ndi mtsinje wa Shire, kukaona ukwati wa ana athu awiri. Njira inatipititsa m'minda yososa kale, yongodikira mvula.

Pa phwandolo mlongo wake wa mkwatibwi, wobwera ku Joni, anatulutsa botolo la vinyo wofiira lolembedwa Bordeaux. Agogo ena anagwira pakamwa nati: "Aphunzitsi, kodi si Magazi a Ambuye amenewa? Timwera nsima bwanji?" Ife tinawayankha kuti vinyo asanduka Magazi a Yesu pa Misa pokha, wansembe atanena mawu opatulira, wa m'botolomo ndi mowa wa mphesa chabe. Mantha awo sitinawaseke, pakuti makolo athu kuno anayamba kuona vinyo pa guwa, m'manja mwa Abambo a Montfort, amene anafika ku Nzama mu 1901 natsegula Utale mu 1908.

Tsono ku France, kumene chipani chawo chinabadwira, vinyo ali ndi kwawo monga munthu. Ife tidziwa kuti mpunga wa Kilombero wa ku Karonga sufanana ndi wa ku Chilwa; chomwechonso iwo atchula vinyo ndi dzina la dera lake, ndipo chiyambire 1935 pali lamulo loletsa kuba mayinawo.

Wa ku Bordeaux, pafupi ndi nyanja yaikulu ya kumadzulo, achokera makamaka ku mphesa za Merlot ndi Cabernet Sauvignon. Ngwolemera, ndipo aumitsa m'kamwa monga ichitira nthochi yosapsa. Mphamvu imeneyi ichokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. Mafuta a nyama ndiwo aifewetsa, n'chifukwa chake eni ake amwera nyama ya nkhosa yowotcha.

Wa ku Bourgogne, kum'mawa kozizira, ngwa mphesa ya Pinot Noir, wopepuka ndi wowawasa pang'ono. Aphikira ng'ombe ndi tambala, namwera ndiwo zomwezo. Kumeneko tiyenera kukumbukira amonke a ku Cîteaux, nyumba yomangidwa mu 1098. Iwo analima mphesa zaka mazanamazana, nazindikira kuti munda uwu ndi winawo, ngakhale alekana ndi kanjira chabe, apatsa vinyo wosiyana. Munda wawo wa Clos de Vougeot anauzinga ndi linga la miyala limene lilipo mpaka lero. Mlimi wa kuno wodziwa kusiyanitsa dothi la m'dimba ndi la kumtunda sangadabwe nazo.

Kum'mwera kotentha kuli Châteauneuf-du-Pape, pafupi ndi Avignon kumene Apapa anakhala kuyambira 1309 kufikira 1377. Minda ina kumeneko yadzala miyala yobulungira yosunga kutentha kwa dzuwa, ndipo vinyo wake ngwaukali, woyenera nyama ya m'thengo. Koma ku Bretagne, kumene Louis-Marie Grignion de Montfort Woyera anabadwa mu 1673, anthu azolowera chakumwa cha maapulo. Si Mfalansa aliyense amene anakulira pa mphesa.

Zonsezi tinazifotokoza pansi pa mtengo wa mango, koma anyamata anali atathira kale. Anamwera nsomba zowamba za ku Malombe, ndipo nkhope zawo zinachita tsinya: mmodzi anati akumva ngati wanyambita khasu. Sananame, pakuti vinyo wolemera chotere adana ndi nsomba. Tinapempha amayi kuti abweretse mbuzi yonona ija inali pamoto, ndipo titalawitsa ankhoswe, anakhala chete kanthawi, kenaka anagwedeza mutu napempha nthuli ina.

Botolo limodzi pa anthu ambiri chotero, aliyense analandira kongonyowetsa lilime, ndipo panalibe woledzera. Agogo aja anakana ndithu, namwa thobwa lawo. Botolo lopanda kanthu analitenga ndi iwo omwe, ati asungiremo madzi odalitsidwa.