Mbuna si nsomba yogona ndi aliyense

Ndaona munthu pa Facebook akufunsa ngati angaike mbuna ndi ma neon tetra m'thanki imodzi, poti zonse n'zokongola. Ndaseka ndekhandekha. Mbuna ndi yokongoladi, koma mtima wake ndi wa tambala wolusa. Kumiyala ya ku Cape Maclear yaimuna iliyonse imalonda kamalo kake, ndipo woyandikira amapirikitsidwa mopanda chisoni. Nanga ka tetra kofatsa kaja, kochokera m'mitsinje ya ku Amazon, kangathe sabata?

Ngakhale madzi ake sagwirizana. Tetra imakonda madzi ofewa, a asidi pang'ono, pomwe a m'nyanja yathu ya Malawi si a asidi, pH yake imakhala cha m'ma 8.

Mbuna izikhala ndi mbuna zinzake basi. Yachikasu ija, Labidochromis caeruleus, ndiyo yofatsirako pagululi, ndipo ikakhala limodzi ndi acei yabuluu ya mchira wachikasu, thanki imawala mpaka alendo kuiwala tiyi. Unjikani miyala yambiri kuti pakhale mapanga othawiramo, ndipo muikemo yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi. Chimene chimandidabwitsabe n'chakuti zikachulukana ndewu imachepa, chifukwa wovutitsa uja sadziwanso woti amusake. Koma pamenepo fyuluta ikhale yamphamvu, ndipo madzi muzisintha sabata iliyonse.

Pa chakudya musazinyengerere ndi nyama. Zambiri mwa izo kunyanja zimapala ndere pamiyala, ndipo mukazikhutitsa zonona mimba zimatupa, zina n'kufa.