Kakhadi ka m'thumba la agogo

Makolo anzathu, m'banja mwathu muli mnyamata wa zaka 16 amene adabadwa ndi kachirombo ka HIV. Amayi ake adatisiya iye akadali wapamsana. Chiyambire nthawi imeneyo, kakhadi kake ka kuchipatala kakhala kakugona m'thumba la agogo ake, pamodzi ndi ndalama za mchere. Agogowo ndiwo ankawerenga masiku, kumudzutsa m'mamawa, ndi kuyankha mafunso onse a anamwino, mwiniwake ali phee pabenchi.

Mwezi watha anamwino adapempha agogo kuti ayambe adikira panja. Adafuna kuona ngati mnyamatayo wakhwima moti nkuyamba kulandira chithandizo ngati munthu wamkulu. Adamufunsa modekha: Mankhwala ako dzina lake nchiyani? Umawamwa chifukwa chiyani? Ukaiwala tsiku limodzi umatani? Ubweranso liti? Nanga ukapita ndi asodzi ku nyanja ya Amaramba kwa milungu iwiri, botolo lako likhala kuti?

Adayankha funso limodzi lokha, la tsiku lobwerera, pakuti adali atamva agogo akulitchula panjira.

Tidachita manyazi, koma sitidamudzudzule. Akadadziwa bwanji zimene sitidamuphunzitse? Bungwe la zaumoyo la dziko lonse lidalangiza kale mu 2011 kuti mwana wa msinkhu wopita kusukulu auzidwe za matenda ake, pang'onopang'ono monga mwa nzeru zake. Ife tidazengereza, ndipo ngakhale titamuuza, tidapitiriza kumuchitira zonse. Tinkati ndi chikondi. Mwina chidalidi chikondi, koma mudalinso mantha oti angakaulule kwa anzake.

Chotiopsa nchakuti ku mzere wa akulu kulibe womunyengerera munthu. Amene amawerengera odwala amaika wa zaka 15 m'gulu la akulu, chonsecho zaka sizimwetsa mankhwala. Mnyamata akhoza kumera ndevu, kupalasa bwato yekha, koma osadziwa kuti kudumphadumpha mankhwala kumapatsa kachirombo mpata wochulukana ndi kuleka kuwamva. Nchimodzimodzi kwa mtsikana wa khunyu kapena wa matenda a shuga. Nchifukwa chake m'zipatala zina za dziko lathu muli khomo la achinyamata lotchedwa SAAJ, lolandira a zaka 10 mpaka 24, kuti kusamukako kusakhale kwa tsiku limodzi.

Anamwino sadamusamutse. Adati adzamufunsanso, ndipo ntchito yotsalayo adaisiya m'manja mwathu. Tsopano madzulo alionse iye ndiye amauza agogo kuti nthawi yakwana. Dzina la mankhwala adalilemba kuchikuto cha kope lake. Agogo zidawavuta kwambiri. Adadandaula masiku atatu kuti tawalanda mwana.

Dzulo adapita yekha kukatenga mankhwala, kakhadi atakakulunga m'pepala la shuga kuopa mvula. Agogo adaima pakhomo mpaka adakhota pa mtengo wa mango.