Mpopi wa M'khitchini Mwanga

Abale anga a m'migodi, lero ndifuna kukusimbirani nkhani ya mpopi wa m'khitchini mwanga. Kapena ena adzaseka poti ndi kanthu kakang'ono, koma ine kanandisowetsa tulo masabata atatu, ndiponso kanandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga.

Ine ndigwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya komboni, pa mgodi wina pafupi ndi Johannesburg. Mkazi wanga atafika kuchokera kumudzi, tinalowa m'kanyumba ka anthu apabanja, ndipo tinapeza mpopi wake ulikudontha usana ndi usiku, tho! tho! tho! Tsiku lina iye anati, "Bambo, kwathu ndinali kuyenda mtunda wautali ndi mtsuko pamutu. Kodi kuno madzi angotayika chotere?" Ine ndinayankha modzitama kuti ntchito imeneyo ndi yochepa, sifunika mmisiri.

Loweruka ndinagula labala yatsopano, ija aitcha washa, ndi kubwereka sipanala. Ndinatseka madzi panja, ndinamasula mutu wa mpopi, ndipo ndinapeza labala yakale itauma ndi kung'aluka. Nditaika yatsopano mpopi unakhala chete, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo. Koma tsiku lachitatu unayambanso. Ndinaumanga ndi mphamvu, unaleka usiku umodzi wokha. Ndinagula labala yachiwiri, ndipo pamene iyonso inalephera ndinayamba kutsekera chogwirira chake ndi sipanala. Mkazi wanga sananene kanthu, anangotchera ndowa pansi pake, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka koposa mawu.

Usiku wina, posowa tulo, ndinawerenga madonthowo ndi wotchi: dontho limodzi pa sekondi iliyonse. Tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400, tsono werengani nokha. M'mawa ndowa ija inali itapitirira theka. Ndipo madzi a kuno si a pachitsime chapafupi ayi. Johannesburg anamangidwa pamtunda popanda mtsinje waukulu, kotero madzi ambiri achokera ku Vaal Dam, damu limene linatha kumangidwa mu 1938, ndipo makina amawakankha kukwera nawo mtunda wonsewo. Ine ndinali kuwabweza m'ngalande osamwa ndi munthu.

Pali mkulu wina wa kwathu ku Dedza amene wagwira ntchito ya mapaipi pansi pa mgodi zaka zambiri. Iye sadziwa kulemba, ndiye Lamulungu amabwera kwathu kuti ndimlembere mawu opita kumudzi. Ndivomere pano kuti mumtima ndinali kumuyesa wochepa kwa ine, chifukwa ine ndinapita ku sukulu ya mishoni ndipo ndigwira ntchito ndi malaya oyera. Sindinaganize n'kamodzi komwe zomfunsa za mpopi.

Lamulungu limenelo ali pampando anatchera khutu nati, "Mwana wanga, mpopi wako ukulira." Ndinayankha kuti malabala a masiku ano ndi achabe. Iye sanatsutse, anangoti, "Katseke madzi, umasule ndione." Anayamba wayang'ana labala ija: inali itadulika mozungulira, chonsecho inali ya masiku asanu okha. Kenaka anapisa chala m'kati mwa mpopi, nandiuza kuti nanenso ndipise. Ndinamva ndi chikhadabo kamng'alu kakang'ono pa mlomo wa chitsulo chofiira chija, pamene labala imakhalapo potseka madzi.

"Nthenda ili apa," anatero. "Mpopi ukadontha nthawi yaitali, madzi ndi timchenga zimakumba kanjira pa mlomowu. Labala yatsopano itseka masiku awiri chifukwa ikali yofewa, koma kanjirako kalipobe. Tsono iwe pomanga ndi mphamvu unali kuidula wekha labala yako, ndipo ukadapitiriza ukadadya mazinga a mpopi, n'kulipira watsopano."

Lolemba madzulo anabwera ndi kachipangizo kosalazira mlomowo. Kali ndi chogwirira pamwamba ndi mano aang'ono pansi, ndipo kamangidwa m'malo mwa mutu wa mpopi. Anakazungulitsa pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu, nakachotsa, nayang'ana ndi tochi, nabwerezanso kufikira mlomo wonse unawala mofanana. Anati usapale kwambiri, pakuti chitsulo chikachoka sichibwereranso. Pamenepo anandituma kutsegula madzi pang'ono kuti atsuke tizitsulo totsalira, ndipo tinaika labala yachitatu. Anandionetsanso kuti labala iyenera kulingana ndi mpopi wake, ya m'khitchini kawirikawiri ndi ya hafu inchi, ndiponso kuti madzi akamatuluka pamwamba, pansi pa chogwirira, mlandu suli pa labala koma pa kanati kogwira mtengo wa mpopi, kamene kangofunika kumangitsa pang'ono.

Potsiriza anaitana mkazi wanga nati, "Mayi, tsekani ndi zala ziwiri zokha." Iye anatseka. Tinakhala chete atatu tonse kumvetsera, koma dontho silinagwe. Ntchito yonse sinathe theka la ola. Nditatulutsa ndalama mkuluyo anakana, nati, "Kodi iwe ndimakulipira polemba?" Mkazi wanga anaphika nsima ndi nyama, ndipo usiku umenewo ndinagona mpaka kucha.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinataya ndalama za malabala awiri, madzi a masabata atatu ndi ulemu wanga m'nyumba, chonsecho munthu wodziwa anali kukhala pampando wanga Lamulungu lililonse. Tsono abale, mpopi ukadonthanso mutaika labala yatsopano, musaumange ndi mphamvu. Tsekani madzi, masulani, pisani chala mumve mlomo wake. Ndipo ngati chakukanikani, funsani anzathu a mapaipi, pakuti alipo m'komboni iliyonse.

Mkulu uja akubwerabe Lamulungu. Tsopano tikatha kulemba, ine ndiye ndimakhala ndi mafunso. Tsalani bwino nonse.