Nambala 8 Imene Idandichititsa Manyazi

Ntchito yokonza mawailesi ndidaiphunzira ku Ukwimi, panthawiyo m'boma la Petauke ku Zambia, kumene ambiri a ife a kuno ku Chifunde tidakakhala pothawa nkhondo. Amene adandiphunzitsa adali bambo wina wachikulire wa ku Tete. Magetsi kudalibe. Tinkasongola kachidutswa ka mkuwa, n'kukamangirira ku waya wa chigwiriro cha mtengo, n'kukaika pa makala a m'mbaula. Kakatentha, tinkasungunulira mtovu wowotcherera umene pa Chipwitikizi amati solda. Nkhani yoti mtendere wasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tidaimvera pa wailesi ya Nzeru imene ndidaiukitsa ndi manja angawa, ndipo pobwerera kwathu m'chaka cha 1994 kachitsulo kanga ka mkuwa kadali m'thumba la malaya.

Ndanena zimenezi kuti mudziwe kuti si ine mlendo pa ntchitoyi. Koma maso adayamba kuchita chifunga, ndipo manambala a pa foni sindiwaonanso bwino. Mwana wanga amene ali ku Joni atamva, adanditumizira kaphukusi kudzera kwa dalaivala wa lole zodutsa pa Cassacatiza. Ine ndinkayesa ndi magalasi. Nditatsegula ndidapeza thabwa lobiriwira la timabowo tambirimbiri, timababu tofiira m'kapepala ka pulasitiki, ma resistor, ndi kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri ngati bongololo. Pa foni adati, "Bambo, imeneyo ndi wotchi ya manambala aakulu ngati chikhatho. Muilumikize nokha, si ndinu amisiri?"

Wotchi yotere ili ndi manambala anayi, ndipo nambala iliyonse imapangidwa ndi timizere 7: kamodzi pamwamba, kena pakati, kena pansi, tiwiri kumanja ndi tiwiri kumanzere. Tikayaka tonse, ndiye 8. Manambala ena onse amatuluka pozimitsa timizere tina. Pa wotchi yangayi kamzere kalikonse kadali ndi timababu 4 tolumikizana mondondozana, kotero timababu tonse tidakwana 112, miyendo yake 224, ndipo mwendo uliwonse umafuna dontho lakelake la mtovu. Timababuti, timene amati LED, sitili ngati babu ya tochi yakale imene inkayaka mulimonse mwaiikira. Kali ndi mwendo wautali ndi waufupi, ndipo wautaliwo ndiwo upita ku mbali ya +. Mukatembenuza kamodzi kokha, anzake atatu a pamzerewo nawonso sayaka.

Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali pa tchuthi kuchokera ku sekondale, adakhala pambali n'kumandipatsira zipangizo. Tsopano ndili ndi chitsulo chowotcherera cha mavoti 12 chimene ndimalumikiza ku batire ya sola, koma kagwiridwe kake n'komwe kaja ka ku Ukwimi. Ndidamuuza kuti chinsinsi ndi kutenthetsa mwendo ndi kamkuwa ka pathabwa nthawi imodzi, kenaka n'kukhudzitsa mtovu pamenepo kuti usungunuke wokha ndi kuyenderera. Osasungunulira mtovu pa chitsulo n'kumaupaka ngati phala. Mtovu wa kale uja, wosakaniza magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu weniweni, umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, pamene madzi amawira pa 100, ndiye chala chikalakwa sichichedwa kudziwa. M'kati mwake muli utomoni wa mtengo wa paini umene umatsuka malowo, ndiwo umatulutsa kafungo kaja. Mtovu ndi poizoni. Musaulume ndi mano poudula, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanagwire nsima. Malo olumikizidwa bwino amawala ndipo amaoneka ngati kachulu kosongoka. Oipa amakhala otuwa, obulungira ngati chitosi cha mbuzi.

Manambala awiri oyamba ndidalumikiza ndekha, ndipo adanditengera masiku awiri. Tsiku lachitatu msana utakana, mwana uja adati, "Agogo, bwanji ndiyeseko?" Ndidakana kawiri konse. Kachitatu ndidamupatsa chitsulo, koma ndidamuuza kuti wotchi ikakana kuyaka tidziwa wolakwa. Iye adamaliza manambala awiri otsalawo tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

Tidailumikiza ku batire cha m'ma 17 koloko, n'kuitchera molingana ndi foni. Idayaka psuu, 17:20, manambala ooneka ngakhale uli ku khola la mbuzi. Anansi adabwera kudzaona, ine n'kumayendayenda pakhonde ngati tambala. Dzuwa litalowa, amayi akunyumba adatuluka m'khitchini n'kufunsa kuti, "Kodi abambo, wotchi yanuyi ikuti ndi 10 koloko, ndiye kuti kwacha kapena kwada?" Kuyang'ana, idalembadi 10:00 pamene foni inkati 18:00. Kamzere kapakati ka nambala yachiwiri sikankayaka. Pa 7 kamzereko sikafunika, n'chifukwa chake sitidaone kanthu. Itafika 8, idasanduka 0. Ndipo nambala yachiwiriyo idali yanga.

Usiku umenewo ndidafufuza ndi tochi koma sindidapeze vuto. M'mawa mdzukulu uja adatembenuza thabwa, kuliyang'ana pang'ono, n'kuloza. "Agogo, onani apa, chitosi cha mbuzi chija." Mwendo umodzi udali utangovala mtovu pamwamba, osagwirana ndi mkuwa. Adautenthetsa kwa kamphindi, 8 n'kubwerera. Sadaseke, koma agogo ake aakazi adamusekera mpaka misozi.

Manyazi adatha, koma china chidatsala m'mutu mwanga, ndipo n'chimene chandilembetsa. Masikelo a batire amene ogula chimanga, soya ndi mtedza amabwera nawo m'midzi mwathu muno, kuyambira ku N'sadzu mpaka ku Mualadzi, amalemba manambala ndi timizere 7 tomweti. Kamzere kapakati kakafa pa nambala yomaliza, thumba la makilogalamu 48 lidzaoneka 40. Kapamwamba kakafa pa nambala yoyamba, 70 idzaoneka 10, ngakhale pamenepo aliyense angadabwe. Koma 8 kusanduka 0 pa thumba limodzi ndani angadabwe, makamaka sikelo ikayang'ana kwa wogula, wogulitsa n'kungoitanidwa kuti aone nambala itaima kale? Sindikunena kuti ogula onse ndi akuba. Sikelo imagwa pa njinga, imalowa fumbi ndi chinyezi, ndipo kamzere kangathe kufa mwini wake osadziwa, monga ine sindidadziwe. Kungoti kamzere kamene kakafa 8 amasanduka 9 ndikhulupirira kuti sikagona tsiku osakonzedwa.

Njira yodzitetezera ndi yapafupi. Masikelo ambiri otere akangoyatsidwa amayamba aonetsa 8 m'malo onse kwa kanthawi, asanabwerere pa 0. Amachita zimenezi dala, kuti munthu aone ngati timizere tonse tili moyo. Musanakweze thumba, pemphani wogula azimitse sikelo ndi kuiyatsanso inu mukuona, ndipo muwerenge ngati 8 aliyense ali wathunthu. Amene sadziwa kuwerenga atenge mwana wa sukulu. Izi sizigwira sikelo imene adaipotoza m'kati. Imeneyo muiyese ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula, kapena ndi thumba limene mudaliyeza kale kwina. Ine ndagulitsa chimanga pa masikelo amenewa zaka zambiri, ndikudzitcha mmisiri, koma sindidapemphepo zimenezi ngakhale kamodzi. Makilogalamu angati adapita, kapena ngati adapita n'komwe, palibe angandiuze tsopano.

Wotchi ija tidaikhomera pakhonde, m'kabokosi ka matabwa kuti isanyowe. Ana opita ku sukulu amaima pamsewu kuiyang'ana, ndipo a ku tchalitchi apempha kale kuti tiwapangire yawo. Ndawauza kuti alankhule ndi mdzukulu wanga akabweranso pa tchuthi. Kachitsulo ka mkuwa ka ku Ukwimi wapita nako ku sukulu. Akuti kumene akugona kuli mbaula, ndipo anzake ali ndi matochi akufa ambiri.