Ludzu la Khanda Lithera pa Bere

Kuno ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi, mwezi wa Okutobala kumatentha koopsa. Mwana wanga woyamba ali ndi miyezi iwiri, apongozi anati, "Mumwetseni madzi, wauma kukhosi." Ndinamvera. Mwanayo anatsegula m'mimba, liwombo linalowa, ndipo anapulumuka mwamwai.

Pa waciwiri ndinatsata mau a anamwino: bere lokha kufikira miyezi 6. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ndiponso uteteza mwana ku matenda. Akamayamwa kawirikawiri, usana ndi usiku, mkakawo ucuruka.

Apongozi sanakondwe poyamba. Koma poona mwana alikunenepa, anayamba okha kunditungira madzi ndi kundiphikira phala la nsinjiro, nati, "Madziwo imwani inuyo, mdzukulu wanga akhute."

Amai anzanga, ludzu la khanda lithera pa bere.