Anansi athu a kupitilila pa 108

Ife a pa wailesi ya m'dela timaulutsa pa FM, pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Mukapitilila pa 108, mwalowa m'munda wa oyendetsa ndeke. Iwo amalankhulana pa VHF kuyambila pa 118 mpaka 137 MHz, ndipo 121.5 anaipatulila za ngozi cabe.

Mafunde a VHF amayenda moongoka, sazungulila phili. Kandeke kocoka ku Mfuwe kakamauluka m'munsi m'cigwa ca Luangwa, mapili a Muchinga angatsekeleze mau ake. Injini ikazima, woyendetsa amanena “Mayday” katatu, ali ndi ciyembekezo cakuti ndeke ina yomwe ili pamwamba imva ndi kupeleka uthengawo kwa othandiza.

Apa m'pamene nkhaniyi itikhudza. Transimita ya FM yosasamalidwa imataya mafunde kunja kwa malile ake, cakuti nyimbo zathu zingaphokosele woyendetsa ndeke m'makutu. A ZICTA ndiwo amayang'anila mafunde, koma makina ali m'manja mwathu.

Conco, tikamakangana m'komiti za ndalama zoitanila katswili wa makina, tizikumbuka munthu uja amene angofuna masekondi ocepa a bata kuti amveke.