Mbale za Amalume

Abale anga, lero mundikhululukire, sindilemba za m'kalasi. Mu 2020 sukulu zinali chitsekere chifukwa cha korona, ndipo munthu ukakhala pakhonde tsiku lonse maganizo amayenda kutali. Chaka chimenecho, pa 9 Meyi, ku America kunamwalira woimba wina wakale, Little Richard, ali ndi zaka 87. Ndikudziwa kuti ambiri a inu dzinali mukulimva koyamba. Ine nditaona uthengawo pa foni, amene anandibwerera m'mutu sanali iyeyo ayi, koma amalume anga, mlongo wawo wa mayi, amene anatisiya mu 1998. Ndili nawo ngongole amalumewo, ndipo ngongoleyo ikukhudzana ndi mkulu ameneyu.

Amalume anachoka kuno ku Angónia ali mnyamata, pothawa chibalo, monga anachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Anakafika ku Salisbury, kumene lero timati Harare, nakapeza ntchito ya m'khichini kwa mzungu wina. Ana a bwanayo madzulo ankatsegula wayilesi n'kutchera LM Radio. Kwa achinyamata ndifotokoze: LM ndi Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo. Wayilesi imeneyi inali m'dziko lathu lomwe lino, koma inkayankhula Chingerezi ndi Chibunu, ndipo inkaulutsira makamaka achinyamata achizungu a ku South Africa ndi ku Rhodesia. Inkaika nyimbo za rock and roll zimene wayilesi ya boma ya ku South Africa inkaziona ngati zowononga ana. Inatsekedwa mu Okutobala 1975, titangolandira ufulu.

Tsono taganizani. Nyimbo ya munthu wakuda wa ku Georgia, yodzera pa wayilesi ya m'dziko lathu imene sinkayankhula nafe, n'kudzapeza mnyamata wa ku Angónia ali kuseri kwa chitseko ku Salisbury, manja ali m'thovu la sopo. Amalume ankati atangoimva koyamba anatsala pang'ono kuswa mbale ya adona. Atalandira ndalama anakagula galamafoni yakale ndi mbale zake zingapo. Chinyanja chathu n'chokoma: imene umadyera nsima ndi mbale, imene imazungulira n'kumaimba nayonso ndi mbale. Amalume ankati iwo ku Salisbury anapitira mbale, ndipo anabwerako ndi mbale.

Ine galamafoniyo sindinaimvepo ikuimba. Pamene ndinkayamba kuzindikira, singano zake zinali zitatha kalekale, ndipo akazi awo a amalume ankasungiramo mbewu ya nyemba. Mbale zija zinkakhala m'sutikesi, zokulungidwa m'bulangete. Mu 1986 nkhondo itafika pamudzi tinathawira ku Dedza, ku Malawi, aliyense ndi chimene akanatha kusenza pamutu. Sutikesi inatsala. Nyimbo inawoloka malire ili pakamwa pa amalume basi.

Ndipo ankaiimba. Pa ukwati, pa mowa wa dima, ngakhale pamzere wolandirira ufa. Ankayamba ndi kukuwa mawu othamanga, ogundana ngati miyala ikugubuduka m'phiri, kenako mfuu yaing'ono yokwera ngati ya mayi woimba nthungululu, mwendo umodzi atakweza pa mtondo ngati pali piyano. Ana tinkagwa ndi phwete. Akazi awo ankangoti, "Ayambanso nyimbo zawo za Satana," n'kulowa m'nyumba.

Ku Dedza ndinalowa sukulu ndipo ndinayamba kuphunzira Chingerezi. Pofika Sitandade 8 ndinkadziona ngati ndine mwini wake wa chinenerocho. Tsiku lina ndili ndi anzanga a m'kalasi, ena mwa iwo ana a eni mudzi amene ankatitcha "othawa", amalume anatulukira atamwako pang'ono, n'kuyamba nyimbo yawo ija. Manyazi anandigwira. Ndinaimirira n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Amalume, chimene mukuimbacho si Chingerezi. Mukungobwebweta."

Anasiya. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, n'kuti, "Chabwino aphunzitsi, tiimbireni inuyo yolondolayo." Anthu anaseka, iwonso anaseka. Koma kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akuiimba ine ndili pafupi. Tinabwerera kwathu mu 1993, anakhala zaka zisanu, anamwalira. Nkhaniyo sitinaikambenso.

Panapita zaka zambiri kuti nyimboyo ndiimve kwa mwini wake. Ndinali ndili mphunzitsi kale, ndili ndi foni ya intaneti, ndipo mnzanga wina wa ku Tete wokonda nyimbo zakale ndiye anandiuza dzina lake nditamung'ung'uzira pang'ono: Tutti Frutti. Itangoyamba, thupi lonse linachita tsembwe. Mawu oyamba aja sanali Chingerezi. Sanali chinenero chilichonse. Ndi munthu akuimba ng'oma ndi pakamwa, kusonyeza woimba ng'oma mmene aziimenyera. Ndipo amalume ankawatchula ndendende, popanda kudumpha ngakhale limodzi, patapita zaka makumi atatu chiimvereni. Ndinali nditanena zoona kuti si Chingerezi. Koma amene sankamva kanthu pamenepo ndinali ine.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zimenezi si zachilendo kwa ife. Wa ng'oma akamaphunzitsa mwana amayamba ndi pakamwa, mwana n'kumatsatira, manja amabwera pambuyo. Ifeyo timati chinthu chagwa phi, madzi ati khuthu, ng'ombe zikubwera gubudu gubudu. Khutu la amalume linali lophunzitsidwa kale zimenezi kumudzi. Langa ndinali nditalitseka ndi buku la galamala.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kufufuza za munthuyu. Dzina lake lenileni ndi Richard Wayne Penniman. Anabadwa pa 5 Disembala 1932 ku Macon, m'chigawo cha Georgia, wachitatu mwa ana khumi ndi awiri. Mwendo wake umodzi unali waufupi, ndipo anzake ankamunyoza chifukwa cha kayendedwe kake. Anakulira m'tchalitchi, momwe anaphunzirira kukuwa poimba. Bambo ake anali dikoni, koma ankagulitsanso kachasu wa kumeneko ndipo anali ndi malo omwera mowa. Anamuthamangitsa pakhomo akadali mwana chifukwa ankati amachita zachikazi. Mu 1947 mayi wina wodziwika pa nyimbo zauzimu ndi gitala, Sister Rosetta Tharpe, anamumva akuimba ndipo anamuika kuti atsegulire dansi yake ku Macon. Mu 1952 bambo ake anaomberedwa ndi mfuti pafupi ndi malo awo a mowa aja, ndipo Richard, kuti adyetse banja, anakalowa ntchito pa siteshoni ya mabasi a Greyhound. Ntchito yake: kutsuka mbale. Iye mwini ankanena kuti mawu a ng'oma aja anayamba kuwakuwa ali pa sinki pomwepo. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi kaye.

Mu Seputembala 1955 kampani ya Specialty inamutumiza ku New Orleans kukajambula. Tsiku linkapita, nyimbo zikutuluka zozizira. Pa nthawi yopuma anakalowa m'malo ena omwera mowa, Richard anaona piyano, n'kuyamba kuimenya ndi kukuwa nyimbo imene ankaimba usiku m'mabala. Wojambulitsayo, Bumps Blackwell, anadziwa pomwepo kuti chimene amafuna n'chimenechi. Vuto linali lakuti mawu ake anali otukwana, osayenera pa wayilesi. Anaitana mayi wina wolemba nyimbo, Dorothy LaBostrie, kuti awachape. Choncho mawu a Chingerezi amene ali m'nyimbomo ndi ongolowetsa mothamanga, alibe nkhani yaikulu. Mtima wa nyimboyo ndi mbali imene ilibe Chingerezi, imene amalume anaisunga.

M'zaka ziwiri zokha anatulutsa Long Tall Sally, Rip It Up, Lucille ndi zina zambiri. Ankadzola zodzoladzola kumaso, tsitsi ataliimika m'mwamba, zovala zonyezimira, akuimba piyano ataimirira. Kumwera kwa America nthawi imeneyo malamulo ankalekanitsa akuda ndi azungu ngakhale m'maholo a dansi, ena m'mwamba ena pansi, kapena chingwe pakati. Pa madansi ake achinyamata ankaiwala chingwecho n'kusakanikirana, ndipo akuluakulu a tsankho ankamuda chifukwa cha zimenezi.

Koma ndalama sizinapite kwa iye. Umwini wa Tutti Frutti anaugulitsa pa madola 50, ndipo pa mbale iliyonse yogulitsidwa ankalandira theka la senti. Mzungu wina waulemu, wovala nsapato zoyera, Pat Boone, anaiimbanso mofatsa ngati nyimbo yogoneka mwana, ndipo yakeyo inakwera pamwamba kuposa ya mwini wake pa mndandanda wa nyimbo zotchuka. Ndaimvetsera. Boone Chingerezi chake n'chomveka bwino kwambiri, liwu lililonse lili pamalo pake. Akanakhoza mayeso anga a Sitandade 8. Koma palibe amene akanaswa mbale ya adona chifukwa cha iye.

Apa ndiyenera kuwachitira chilungamo akazi awo a amalume, amene ankati ndi nyimbo za Satana, chifukwa Richard mwini wake nthawi zina ankagwirizana nawo. Mu Okutobala 1957, ali pa ulendo woimba ku Australia, anaona moto ukudutsa kumwamba. Anthu anamuuza kuti ndi Sputnik, chombo chimene dziko la Soviet Union linali litangoponya kumene, koma iye anati ndi chizindikiro cha Mulungu. Anataya mphete yake yamtengo wapatali m'madzi, anasiya ulendowo pakati, nakalowa sukulu ya Baibulo ya Oakwood, ya mpingo wa Adventist, ku Huntsville m'chigawo cha Alabama. Anali pa nsonga ya kutchuka kwake. Moyo wake wonse unakhala choncho: kubwerera ku piyano, kuthawira ku guwa, kubwereranso. Za chilakolako cha thupi lake, chaka china ankavomera poyera kuti amakonda amuna anzake, chaka china ankadzitsutsa yekha pamaso pa mpingo. Ine sindimuweruza. Ndimangoona mwana wothamangitsidwa ndi bambo ake amene sanapeze nyumba imodzi yomulandira yense wathunthu.

Atabwerera ku rock and roll mu 1962, anapita ku England. Kagulu ka anyamata anayi a ku Liverpool, amene anali asanatchuke, kankamutsegulira madansi kumeneko ndiponso ku Hamburg. Anali a Beatles. Mfuu yokwera imene Paul McCartney amadziwika nayo anaitengera kwa iye, ndipo sabisa. Chaka chotsatira a Rolling Stones anayenda naye ulendo umodzi. Jimi Hendrix anali womuimbira gitala cha m'ma 1965. James Brown ndi Otis Redding, onse oyambira ku Georgia komweko, anayamba ndi kumutsanzira. Mukamuona Prince ndi zovala zake ndi ndevu zake zopyapyala, mukuona mdzukulu.

Mu 1986 anali m'gulu loyamba lolowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya Rock and Roll Hall of Fame. Koma mu 1988, ataitanidwa ku mwambo wa Grammy kuti akapereke mphoto kwa woimba watsopano, anatsegula envelopu n'kulengeza kuti wopambana ndi iye mwini, nawadzudzula pamaso pa dziko lonse kuti zaka zonsezo sanamupatsepo kanthu. Anthu anaseka, anaimirira n'kumuombera m'manja. Anadzamupatsa mphoto ya ntchito ya moyo wake wonse mu 1993. Ena amati ankadzitama kwambiri, ndipo n'zoona, ankadzitcha yekha mmisiri amene anamanga rock and roll. Sanamange yekha. Analipo Chuck Berry, analipo Fats Domino, ndipo Sister Rosetta uja anawatsogolera onse. Komabe munthu amene anapatsidwa theka la senti ine ndimamulola kukuwa.

Kuseka kwa anthu a ku Grammy kuja ndimakudziwa. Ndi komwe kunali ku Dedza tsiku lija, munthu wamkulu akunena chinthu chomupweteka mwa nthabwala kuti ena asachite manyazi.

Little Richard anamwalira ndi khansa ya m'mafupa ku Tullahoma, m'chigawo cha Tennessee, ndipo amuika ku Oakwood, pa sukulu ya Baibulo ija. Amalume ali kumanda a pamudzi pathu, pansi pa mitengo ya masuku. Sanadziwe dzina la woimbayo. Ankangoti "mnyamata wa piyano uja", ndipo kwa nthawi yaitali ali ku Salisbury ankaganiza kuti ndi mzungu, mpaka ataona chithunzi chake m'sitolo. Ankati tsiku limenelo anabwerera ku ntchito akuyenda ngati bwana.

Dzulo madzulo mayi a kunyumba anapita kukaona odwala, ndiye mbale zinatsala kwa ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinatsamiritsa foni pa chidebe n'kuika nyimbo ija. Anamvetsera, n'kufunsa, "Ababa, akuti chiyani?" Ndinamuuza kuti pamenepo sakunena kanthu, ndi ng'oma. Anati ndiibwereze. Kachitatu anali ataigwira kale, akumenya poto ndi chipande. Ndinayesa kumuthandiza monga ankachitira agogo ake amene sanawaonepo, mwendo nditakweza pa mtondo. Mawu othamanga aja ndinapeza kuti ndikuwakumbukira onse. Mfuu yokwera ija ndiye yandikanika. Amalume ankafikapo.